Besi ya punk ndi sipika yakufa ya amalume

Wailesi ya amalume anga ku Kapata inali ndi masipika awiri, koma sipika yakumanja inafa kalekale, mwakuti tonse pakhomopo tinazolowera kumvera nyimbo ndi imodzi yokhayo popanda kuganiza kuti pali china chimene chikutipita. Madzulo ena m'mwezi wa Okutobala, kutentha kutafika poti munthu sangakhale m'nyumba, tinatulutsa wailesiyo pakhonde, ndipo msuweni wanga amene anali atangofika kumene kuchokera ku Lusaka analumikiza foni yake n'kutiikira chimbale choyamba cha Ramones, gulu la ku New York loimba punk, nyimbo za magitala zothamanga ndi zaukali, chimene chinatuluka mu 1976. Nyimbo itangoyamba iye anadandaula kuti gitala siikumveka. Ankanena zoona, chifukwa amene anajambula chimbalecho anaika gitala kumbali yakumanja yokha, besi kumbali yakumanzere yokha, ng'oma ndi mawu a woimba n'kuzisiya pakati. Choncho chimene chinatifika m'makutu usiku umenewo chinali ng'oma, mawu, ndi besi ya Dee Dee Ramone ili pambalambanda, popanda chilichonse choiphimba.

Pa nthawiyo n'kuti nditaimba besi kwa zaka zingapo, Lamlungu kutchalitchi, Loweruka kumaukwati, ndipo ndinkaimba ndi zala monga wina aliyense amene ndinamuonapo atanyamula chida chimenechi muno m'Chipata. Kwa ine besi yabwino inali yonenepa ndi yofewa, imene khutu siliigwira bwinobwino koma chifuwa chimaimva, monga zimakhalira m'minibasi ya ku Katete akakweza nyimbo. Imene inatuluka m'sipika imodzi ija inali ya mtundu wina. Noti iliyonse inkayamba ndi kamutu kakuthwa, ngati munthu akugogoda waya wampanda ndi msomali, kulilima kwa pansi n'kumatsatira pambuyo, ndipo manotiwo ankabwera mondondozana, ofanana msinkhu, osatsogola ndiponso osatsalira. Chimbale chonsecho chili ndi nyimbo 14 zimene zimatha m'mphindi 29 zokha, ndipo ine ndinakhala pamkeka mphindi zonsezo osayankhula kanthu.

Amalume, amene anagwirapo ntchito ku Kitwe ali mnyamata, ndiwo anayamba kuyankhula. Anati, "Mphwanga, phokoso ili usaliyese lachilendo. Ife tinavina zonga zomwezi kwa Paul Ngozi iwe usanabadwe." Ndinawafunsa kuti, "Amalume, ndiye kuti punk inaliponso kuno?" Iwo anapukusa mutu nanena kuti dzinalo sankalidziwa, koma ukali wa magitala ankaudziwa bwino. Nditatsatira nkhaniyo pambuyo pake ndinapeza kuti sananame. Chimbale cha Ngozi Family, gulu la Paul Ngozi, chotchedwa Day of Judgement chinatuluka mu 1976, chaka chomwecho chimene Ramones anatulutsa chawo, ndipo Amanaz anali atatulutsa kale Africa mu 1975, pamene WITCH ya Jagari Chanda inali ikudzaza maholo ku Copperbelt ndi ku Lusaka. Inali nyengo imene boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pawailesi zikhale za oimba a m'dziko muno. Sindikunena kuti nyimbo za magulu amenewa, zimene timazitcha Zamrock, ndi punk, pakuti oimba athu aja anatengera kwambiri kwa Jimi Hendrix ndi James Brown, koma mtima wongonyamula gitala imene ilipo n'kuiliza mwamphamvu popanda kudikira zipangizo zapamwamba ndi umodzi. Tikaonjezerapo kalindula, nyimbo imene dzina lake linachokera ku chida cha besi chopangidwa pamanja, chija chachikulu chokutidwa ndi chikopa ngati ng'oma, tiona kuti makutu athu anaphunzira kalekale kutsatira besi monga mtsogoleri wa nyimbo.

Anthu ambiri, kuphatikizapo oimba anzanga amene ndimawalemekeza, amanena kuti punk ndi nyimbo ya anthu osadziwa kuimba, makamaka wabesi wake, amene amangobwereza noti imodzi mpaka wagitala atasintha pogwira. Mawu amenewa amandipweteka chifukwa amene amawanena sanayesepo. N'zoona kuti ambiri mwa oyambitsa punk anakwera pasiteji asanaphunzire zambiri, ndipo n'zoonanso kuti nthawi zambiri dzanja lamanzere limakhala ndi ntchito yochepa. Koma tiyeni tiwerenge ntchito ya dzanja lamanja. Nyimbo ikamathamanga pa liwiro la kugunda 180 pamphindi, wabesi amamenya nsambo kawiri pa kugunda kulikonse, kutanthauza ka 360 pamphindi, kapena kuti ka 6 pasekondi iliyonse. Dee Dee Ramone ankachita zimenezi ndi kapiki, kapulasitiki kakang'ono komenyera nsambo, akumenya cholozetsa pansi, chifukwa kumenya kopita pansi kumakhala ndi kulemera kofanana nthawi zonse, pamene kobwerera m'mwamba kumatuluka kopepuka pang'ono, ndipo ukamasinthanitsa ziwirizi pa liwiro lotere nyimbo imamveka ngati ikutsimphina. Aliyense amene anakonolapo chimanga akudziwa kuti chovuta si kukweza musi kamodzi, koma kuugwetsa pamalo amodzimodzi ndi mphamvu imodzimodzi mpaka mphale itayera, makamaka pamene anthu awiri akusinja mtondo umodzi. Wabesi ndi wang'oma wa punk ndi anthu awiri amenewo, ndipo mmodzi akangochedwa pang'ono misi imagundana.

Nditayamba kuyesa sindinathe ngakhale mphindi imodzi. Dzanja linkauma kuyambira pamfundo mpaka pachigongono, kapiki kankaterereka ndi thukuta n'kugwera pansi, ndipo manoti ankatuluka ena aatali ena aafupi. Cholakwa changa chinali chakuti ndinkamenya ndi mkono wonse, ndiponso ndinkafinya kapikiko kwambiri. Ndinaphunzira pang'onopang'ono kuti kuyenda konse kuyenera kuchokera pamfundo ya dzanja, kuti kapiki kazingotulutsa nsonga yochepa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndiponso kuti kakangodutsa nsambo kasamapite patali, chifukwa mtunda uliwonse umene kayenda uyenera kubwezedwa noti yotsatira isanafike. Ndinaika pafoni pulogalamu yowerenga kugunda, ndinayambira pa 110, ndipo ndinkaonjezera 5 pokhapokha ndikamaliza mphindi zitatu zathunthu popanda kuphonya. Zinanditengera miyezi yambiri kuti ndifike pa 170. Ululu wobaya ukabwera pamfundo ndimasiya tsiku limenelo, pakuti kutopa kwa minofu kumatha ndi kupuma, koma mtsempha ukavulala umatha kumusiyitsa munthu kuimba kwa nthawi yaitali.

Kapiki kakekonso si kalikonse. Kopyapyala kamapindika pansambo yonenepa ya besi ndipo kamabwerera mochedwa, choncho ine ndimakonda kokhuthala milimita imodzi. Tikasowa m'masitolo, monga zimachitikira kawirikawiri kuno, ndimadula khadi yakale ya kubanki ndi sizasi n'kusalaza m'mbali mwake pasimenti ya pakhonde. Khadi yotero imachepa pang'ono pa milimita imodzi ndipo imatha msanga, koma imathandiza kufikira wina atapita ku Lusaka.

Amene anandithandiza kumvetsa kuti besi ya punk si mpikisano wa liwiro lokha ndi Paul Simonon wa The Clash. Iye anakulira ku Brixton, dera la ku London kumene kunkakhala anthu ambiri ochokera ku Jamaica, ndipo reggae inali kale m'makutu mwake asanagwire n'komwe gitala. Polowa m'gululo mu 1976 sankadziwa kuimba, mwakuti analemba mayina a manoti pamkono wa besi yake kuti azidziwa poika chala. Patangopita zaka zitatu munthu yemweyo anapeka komanso kuimba ndi mawu ake "The Guns of Brixton", nyimbo ya m'chimbale cha London Calling cha 1979, imene yonse yaimirira pa besi yoyenda mosathamanga, yosiya mipata pakati pa manoti monga amachitira a ku Kingston. Anthu ambiri amamudziwa chifukwa cha chithunzi cha pachikuto cha chimbalecho, chimene Pennie Smith anajambula ku Palladium ku New York mu Seputembala 1979, Simonon akumenyetsa pansi besi yake ya Fender Precision. Ine chithunzicho chimandimvetsa chisoni, chifukwa ndikudziwa anyamata angapo kuno amene akanaimbira besi imeneyo moyo wawo wonse. Chimene ndimamukondera ndi mipata ija. Kwa ife amene tinakula tikumva reggae m'mabasi ndi m'misika, Simonon ndiye khomo lapafupi lolowera m'nyimbo za punk, pamodzi ndi Darryl Jenifer wa Bad Brains, gulu la anthu akuda la ku Washington, limene limatha kuchoka pa nyimbo yothamanga koopsa n'kugwera mu reggae yodekha popanda besi kutaya kulemera kwake.

Koma tikanena za kaliridwe kenikeni, kaja kamene kamamutembenuza munthu n'kufunsa kuti chikulira n'chiyani, dzina loyamba kwa ine ndi Jean-Jacques Burnel wa The Stranglers. Mverani mmene nyimbo yawo ya 1977 yotchedwa "Peaches" imayambira. Besi ili kutsogolo, yosasa, yolemera, ikudzuma ngati galu wamkulu ali kuseri kwa geti, ndipo zida zina zikalowa siibwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono. Burnel ankaimba Fender Precision yokhala ndi nsambo za Rotosound, akumenya ndi kapiki pafupi kwambiri ndi kumunsi kwa nsambo, kudzera mu ampu, makina okuzira mawu, za Hiwatt, ndipo bokosi lake la Marshall la masipika anayi linali ndi mapepala ong'ambika, amene ankaonjezera kusasa kuja. Nditamva nkhani ya masipika ong'ambikawo ndinakumbukira maholo onse a sukulu ndi a matchalitchi amene ndaimbamo ndi masipika ovulala ndikudandaula mumtima. Sindikulangiza munthu aliyense kung'amba sipika yake, pakuti sipika ndi ndalama ndipo pali njira zina zopezera kusasa. Chimene ndinatolapo n'chakuti Burnel anamvetsera chida chimene anali nacho n'kuchilola kunena zimene chingathe kunena.

Alipo ena ambiri amene ndimawamvera. Matt Freeman wa Rancid amathamanga ndi manoti mkono wonse wa besi popanda kusiya ng'oma, Mike Watt wa Minutemen anasiya kapiki n'kumaimba ndi zala koma ukali sunachepe, ndipo kwa alongo athu amene amauzidwa kuti besi ndi chida cha amuna ndimatchula Gaye Advert wa The Adverts, Tessa Pollitt wa The Slits ndi Kira Roessler amene analowa mu Black Flag mu 1983.

Nditaganiza zofunafuna kaliridwe kameneka ndinayambira kolakwika. Ndinasunga ndalama za maukwati atatu, ndinatuma munthu ku Lusaka kuti akandigulire pedo ya distortion, kabokosi kopondereza ndi phazi kamene kamasasitsa liwu, ndipo itafika ndinaipotokola mpaka kumapeto ndikuyembekeza kumva Burnel. Chimene chinatuluka chinali phokoso longa la njuchi zotsekeredwa m'chitini. Choipa kwambiri n'chakuti kulemera konse kwa besi kunasowa, chifukwa pedoyo inapangidwira gitala wamba, ndipo zambiri za mtundu umenewo zimayamba zadula mawu apansi zisanasasitse otsalawo. Wang'oma wathu anaima pakati pa nyimbo n'kunena kuti, "Achimwene, ndikumenya ndekha kuno, simukundigwira." Kuyambira tsiku limenelo ndinasintha ndondomeko yanga, ndipo ndinayamba ndi dzanja, kenako nsambo, kenako gitala yeniyeniyo, ampu ndi mapedo n'kuzisiya pomalizira, chifukwa izo zimangokuza chimene chilipo kale.

Yesani izi besi musanailumikize n'komwe kumagetsi. Menyani nsambo pafupi ndi pamene mkono wa gitala wathera, ndipo mudzamva liwu lonenepa ndi lofewa. Ndiye sunthani dzanja pang'onopang'ono kulowera ku bridge, kachitsulo kamene nsambo zakhalirapo kumunsi, ndipo mudzamva liwu lija likuwonda, likuuma, likuyamba kuthwa. Chifukwa chake n'chakuti mkati mwa noti iliyonse muli timawu tina tam'mwamba timene timalira pamodzi ndi liwu lalikulu, ndipo kumenya nsambo pafupi ndi pomwe yamangidwa kumatidzutsa kwambiri. Malo anga ndinawapeza pakati pa pickup, kachida ka pansi pa nsambo kamene kamatola liwu n'kulitumiza ku ampu, ndi bridge, pafupifupi zala ziwiri kuchokera pa pickup, pomwe kuthwa kulipo koma kulemera sikunathe. Mphamvu yomenyera nayonso ili ndi gawo lake. Ukamenya mokwanira nsambo imakhudza pang'ono mafuleti, timizere tachitsulo ta pamkono tija, n'kutulutsa kaphokoso kakuti ngwe pamutu pa noti. Kutchalitchi ndinaphunzitsidwa kuti kaphokoso kameneka ndi cholakwa choyenera kubisa, koma mu punk ndi mbali ya nyimbo, ndipo ndiko kamathandiza besi kuboola pakati pa magitala okweza. Chimene sichiloledwa ndi nsambo zina kumalira zokha pamene ukuimba imodzi, choncho zala zamanzere zimene sizikugwira noti ziyenera kugona mopepuka pansambo zotsalazo kuti zikhale chete.

Pa nsambo m'pamene ife a kuno timavutikira, ndipo m'pamenenso pagona theka la kaliridwe konse. Zilipo zosalala, zimene amazitcha flatwound, zotulutsa liwu lofewa limene limayenera reggae ndi nyimbo zakale, ndipo zilipo za roundwound, zimene ukaziyendetsa chala umamva timizere. Za timizerezi zinatchuka kuyambira 1966, pamene kampani ya Rotosound ya ku England inagwira ntchito ndi John Entwistle wa The Who, amene ankafuna besi yolira mowala ngati nsambo zapansi za piyano. Punk inapeza nsambo zimenezi zilipo kale n'kuzitenga. Vuto lake n'lakuti timizere tomweto ndi timene timasunga litsiro. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la m'Chipata limasakanikirana ndi thukuta la m'manja n'kulowa m'mipata ya nsambo, ndipo mvula ikabwera chinyezi chimabweretsa dzimbiri. Nsambo imene inkalira ngati belu imayamba kumveka ngati ukumenya chingwe chonyowa, ndipo palibe batani lililonse la pa ampu limene lingabweze kuwala kumene nsamboyo yasiya kutulutsa. Zatsopano n'zodula, ndipo nthawi zambiri zimafuna munthu wopita ku Lusaka kapena wodutsa pa Mwami kupita ku Lilongwe.

Choncho ndimaziwiritsa. Ndimazimasula imodziimodzi, ndimazizunguliza ngati nkhata, n'kuziika mumphika wakale umene akazi anga anasiya kuphikiramo, pambaula kuseri kwa nyumba. Madzi akawira kwa mphindi 10 kapena 15, pamwamba pake pamayandama timafuta totuwa, ndipo ukationa umadziwa chimene chinkatseka besi pakamwa. Ndimazivuula ndi kamtengo, ndimazipukuta ndi nsalu youma, n'kuziyanika padzuwa tsiku lonse, chifukwa madzi akatsalira mkati dzimbiri limayamba msanga kuposa kale. Madzulo ndikazibwezera n'kumenya noti yoyamba, liwu lija lachitsulo limakhala labwerera, ndipo mwana wanga wamkazi amatuluka kuchipinda kudzaona ngati ndagula zatsopano. Kuwala kumeneku kumakhala mlungu umodzi kapena iwiri, ndipo nsambo siilola kuwiritsidwa kambirimbiri, pakuti kumasula ndi kumanga kumaifooketsa pamene imapindika mpaka tsiku lina imaduka. Chimene chimatalikitsa moyo wake kwambiri ndi kusamba m'manja usanaimbe ndiponso kupukuta nsambo iliyonse, pamwamba ndi pansi pomwe, ukangomaliza.

Za gitala yeniyeniyo, mwaona kuti dzina la Fender Precision labwera kangapo. Leo Fender anaitulutsa mu 1951, ndipo mu 1957 inalandira pickup yogawika pawiri imene ili nayo mpaka lero, theka lina la nsambo ziwiri zonenepa, theka lina la ziwiri zowonda. Ili ndi mabatani awiri okha, lokwezera ndi losinthira kuthwa, ndipo mwachibadwa chake imatulutsa mawu apakati amphamvu, amene ndiwo punk imafuna. Yanga si Fender. Ndi yongotengera kapangidwe kake, ndipo ndinaigula yogwirapo kale ntchito ku mpingo wina umene unkafuna besi ya nsambo zisanu. Itafika nsambo zake zinali patali ndi mkono moti chala chinkalowa pansi pake, choncho ndinazitsitsa pa bridge mpaka zinayamba kukhudza mafuleti ndikamenya mwamphamvu koma n'kumalira bwino ndikamenya mofatsa. Pickup ndinaikweza kuti ikhale mamilimita 2 kapena 3 kuchokera pansambo nditaigwira pa fuleti yomaliza. Mabatani onse awiri ndimawatsegula mpaka kumapeto. Chinthu china chimene ndazindikira n'chakuti mkono wa gitala, pokhala mtengo, umasintha ndi nyengo, moti mmene unalili mu Okutobala si mmene umakhalira mu Febuluwale. Mkati mwake muli kachitsulo kowongolera, ndipo kamafuna kupotokola pang'ono kwambiri, gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kamodzi, kenako n'kudikira kuti mtengo ukhazikike. Amene sanakagwirepo ayambe waonerera wodziwa, chifukwa kakathyoka mkono wonse watha.

Tsopano ampu. Amene mwaonapo zithunzi za magulu a punk mwaona bokosi lalitali ngati firiji kumbuyo kwa wabesi. Kawirikawiri imeneyo imakhala Ampeg SVT, imene inatuluka mu 1969, ya mawati 300, yokhala pamwamba pa bokosi la masipika 8. Ambirife sitidzaigwirapo, ndipo zimenezo zisatigwetse ulesi, chifukwa chimene chikufunika chilipo pa ampu iliyonse yokhala ndi mabatani atatu a bass, middle ndi treble, oyang'anira mawu apansi, apakati ndi am'mwamba. Chizolowezi chathu kuno, pa ampu ngakhale pa mikisa ya kutchalitchi, ndi kukweza bass mpaka mawindo atanjenjemera, middle n'kuitsitsiratu. Punk imafuna zosiyana ndi zimenezo. Nsambo yonenepa ya E imalira pa ma hertz 41, kutanthauza kuti imanjenjemera ka 41 pasekondi, liwu lapansi kwambiri moti sipika ya foni kapena ya kawailesi kakang'ono singalitulutse n'komwe. Komabe besi ya Burnel imamveka bwinobwino pafoni, chifukwa chimene khutu likutsatira ndi timawu tam'mwamba tija, kudzuma kwa pakati pa ma hertz 700 ndi 1,000 ndiponso kugogoda kwa kapiki kwa pakati pa 2,000 ndi 3,000. Popeza anthu ambiri amene adzamve nyimbo zathu adzazimvera pafoni, nkhani imeneyi si yaing'ono.

Ine ndimayamba ndi mabatani onse ali pakati, ngati wotchi ikuloza 12 koloko. Ndimatsitsa bass pang'ono, ndimakweza middle mpaka besi itayamba kuyankhula, ndimaonjezera treble kufikira kapiki katamveka koma kasanayambe kulasa m'makutu, ndipo pomaliza ndimakweza gain, batani la mphamvu ya liwu lolowa mu ampu, mpaka liwu lizisasa ndikamenya mwamphamvu n'kumayera ndikamenya mofatsa. Kusasa kofunika n'kochepa kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo mukamvetsera bwino zimbale za m'ma 1977 mudzapeza kuti besi zambiri n'zoyera ndithu, ukali wake ukuchokera kudzanja. Amene ali ndi mwayi wogula pedo agule yopangidwira besi, makamaka yokhala ndi batani losakaniza liwu loyera ndi losasa kuti kulemera kusathawe. SansAmp Bass Driver ya kampani ya Tech 21 ndi imodzi mwa zotere, ndipo ubwino wake kwa ife ndi wakuti imalumikizidwa mwachindunji ku mikisa, popeza m'malo ambiri oimbira timangopeza masipika akuluakulu popanda ampu ya besi.

Muyenera kudziwiratu kuti kaliridwe kameneka sikakoma mukakamvera muli nokha kuchipinda. Kamamveka kouma, kaphokoso, kodzaza ndi kukhululuza kwa zala pansambo, ndipo mtima umafuna kubwezera middle pansi kuti besi ifewe. Musachite zimenezo musanakamve pakati pa gulu, chifukwa gitala ndi ng'oma zikalowa phokoso lija limamizidwa, chotsala n'kukhala noti yomveka bwino. Besi yokoma payokha ndi imene imasowa gulu likayamba. Wagitala nayenso ali ndi udindo. D. Boon wa Minutemen ankaimba dala ndi gitala yowonda ndi yakuthwa kuti asiyire Mike Watt malo apansi, ndipo nditamufotokozera wagitala wathu zimenezi, ndinamupempha kuti, "Achimwene, tatsitsaniko bass pa ampu yanuyo, pansipa mundisiyire ine." Anakana kwa milungu iwiri chifukwa ankaona ngati gitala yake ichepa mphamvu. Kenako tinaika foni pakona ya galaja imene timayeseramo, tinajambula nyimbo imodzi kawiri, n'kumvetsera tonse. Iye mwini ndiye anasankha yachiwiri, nanena kuti gitala yake inkamveka yaikulu kwambiri pamene besi inali ndi malo ake.

Chinthu chimodzi sindingachidumphe chifukwa chikukhudza moyo. Mukakweza middle, treble ndi gain, kung'ung'uza kulikonse kwa magetsi kumakweranso, ndipo m'nyumba zambiri zakale komanso pa mawaya oonjezera amene timagula pamsika mulibe waya wa earth, umene umataya magetsi osochera munthaka. Ndinaonapo woimba wathu atagwidwa ndi magetsi pamlomo atakhudza maikolofoni dzanja lake lili pansambo za gitala, ndipo tinasiya kuyesa tsiku limenelo tonse tikunjenjemera. Musachotse kamwendo kachitatu ka pulagi pofuna kuti ilowe pasoketi, lumikizani zida zonse pamalo amodzi okhala ndi earth yabwino, ndipo nsambo zikayamba kukulumani m'zala zimitsani zonse muitane wodziwa zamagetsi. Magetsi akathima n'kuyatsa jenereta, ampu muziyatsa jeneretayo itakhazikika kaye.

Sipika ya amalume ija inakonzedwa chaka chatha, ndipo wailesiyo anandipatsa. Ili ndi batani lopititsa mawu kumanja kapena kumanzere. Madzulo ndikaweruka, ana atadya, ndimaika chimbale chija cha 1976 n'kupotokola batanilo mpaka kumanja, besi ya Dee Dee Ramone n'kusoweratu, kutsala gitala, ng'oma ndi mawu, ndipo pamalo opanda munthu aja ndimaimapo ine ndi besi yanga ya nsambo zowiritsa. Pakali pano ndimafika pa nyimbo ya 9 dzanja lisanaume. Amalume akabwera kudzacheza amakhala pampando wa pakhonde akugwedeza phazi, ndipo ndikaima amati, "Mphwanga, zatsala zisanu, tabwezanso."